Dazi la Mwana Wanga

Lungwena,
Mangochi.
22 Julaye 2024.

Okondedwa Achemwali a Enid,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mwera watigwira sabata yonse. Maboti ali pamtunda, anthu akungosoka maukonde.

Mudabwa kulandira kalata ya pepala masiku ano. Ndachita dala. Pafoni simundilola kumaliza mawu, ndipo nkhani imene ndikuyankhayi munaiponya pagulu la banja lonse, ana ndi adzukulu akumva. Pepala silidula munthu pakamwa. Muwerenge mpaka kumapeto, kenako mukafuna mulitenthe.

Ndiyamba ndi Loweruka lomaliza limene ndinakhala ndi mlamu wanu ali bwinobwino, chifukwa inu kunalibe. Inu munkamutchula Gloria, dzina la ubatizo. Ine ndimutchula Asiatu, dzina limene ndinamupeza nalo ku Namwera.

Linali Loweruka wamba. Anandikhazika pa chitsa kuseri kwa shedi yanga yokhomera maboti, nandimanga chitenje chakale m'khosi kuti andimete. Ankachita zimenezi milungu iwiri iliyonse kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, moti chikwatirireni sindinalowepo m'nyumba yometera. Ankameta ndi sizasi yake ya zogwirira zakuda ija, uku akudandaula.

"Abambo a Gerald, ili ndi tsitsi la munthu kapena udzu wa kudambo? Sizasi yanga yabuntha."

"Inoleni," ndinatero.

"Ndiinole kangati? Inu mudzapita kumanda ndi tsitsi lonse ngati bambo anu, chiswe chikavutike."

Tili pomwepo, Gerald anatulukira kuchokera ku Monkey Bay kumene amakonza mainjini a maboti. Anali atavala chisoti chimene sankachivula masiku amenewo. Mayi ake asanayankhe n'komwe moni, anachitsomphola, nagawa tsitsi la paliwombo ndi chipeso, n'kuyang'anitsitsa. Kenako anaseka.

"Iii, mwana wanga, layamba kale? Usadandaule. Chipewa chako chenicheni ndinakusungira."

"Amayi, ndisiyeni," anatero Gerald, akulanda chisoti chake.

Ine ndinayesa akunena chipewa cha pakaunjika chimene anamugulira kumsika. Sindinafunse. Tinadya, Gerald anabwerera Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Lachiwiri Asiatu anagwa akutembenuza usipa pathandala. Lachinayi anatisiya. Zotsalazo mukuzidziwa.

Mukumbukanso kuti ndinu amene munaumirira kuti timete maliro monga mwa makolo, ngakhale abusa anati sikofunika. Tinameta tonse ndi lumo. Pofika Khirisimasi, langa linali litabwerera, la mwana wanu Patrick linali litabwerera. La Gerald linabwerera pamwamba pa makutu ndi kunkhongo kokha. Pakati ponse panali ngati thabwa lopalidwa kumene. Tsitsi lalitali limene ankaphimbira nalo linali litapita, ndipo panalibenso chobisira.

Patsiku la Khirisimasi lomwelo, tili pakhonde, munayang'ana mutu wa mnyamatayo nthawi yaitali, n'kunena mawu atatu: "Kwathu kulibe dazi." Mu Febuluwale munamaliza mawu anuwo pagulu la banja. Munati bambo athu anafa ndi zaka makumi asanu ndi atatu tsitsi lili thoo, agogo chimodzimodzi, ine chimodzimodzi, ndiye mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri dazi walitenga kuti? Munatchula malemu a Harold, aphunzitsi a kwaya aja amene anali ndi dazi kuyambira unyamata wawo, amenenso ankaphunzitsa Asiatu za ubatizo chaka chimene tinakwatirana. Munati tikayezetse magazi ku Blantyre tisanavundukule chiliza, ndiponso zida za ukalipentala za bambo athu zisapite kwa Gerald mpaka zotsatira zitatuluka. Apo ayi, inu ku chiliza simubwera.

Ine ndinakhala chete. Inu munayesa ndavomera. Choipa n'chakuti Gerald nayenso anayesa choncho.

Anandiimbira tsiku lotsatira.

"Ababa, mwamva zimene anena azakhali?"

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Azakhali ako umawadziwa."

"Sindikufunsa za azakhali. Ndikufunsa za inu."

Achemwali, yankho lake linali lalifupi, mwana wa sitandade wani akanalitha. Koma ndinangopuma pafoni. Anadikira pang'ono, n'kudula. Pa Pasaka sanabwere.

Tsopano ndinene chimene sindinauze wina aliyense kupatula anthu awiri. Mawu anu anandilowa. Ndinkapala thabwa, maso ali pa thabwa, koma ndikuona mutu wa a Harold ukuwala kutsogolo kwa kwaya. Ndinayamba kuwerengera miyezi ya chaka cha 1996 ngati munthu wopenga. Ndinakumbuka kuti Asiatu ankachedwa kubwerera kophunzira nyimbo, koma sindinafune kukumbuka kuti ankachedwa chifukwa ankadutsira kwanu kukakutungirani madzi pamene munali ndi pakati. Mtima ukafuna kunama umasankha zokumbukira.

Sutikesi yake inali pansi pa bedi, yosatsegulidwa chimwalirireni. Achibale ake atabwera kudzagawa katundu ndinawapempha kuti andipatse nthawi, ndipo anandimvera. Tsiku lina m'mawa mu Epulo ndinaitulutsa. Sindinaitsegule ngati wamasiye, ndinaitsegula ngati wapolisi. Ndinakutumula buku lake la nyimbo tsamba ndi tsamba kufuna kakalata. Ndinapisa m'matumba a yunifomu yake ya amayi a kutchalitchi. Ndinapeza zitenje, buku la kuchipatala, khadi la kusikelo la Gerald lolembedwa dzina langa ndi dzanja lake lopendekera lija. Kalata munalibe. Pansi penipeni panali jumbo yomangidwa mfundo ziwiri, ndipo m'kati mwake munali mzuli, chipewa chopeta chija amavala amuna a Chisilamu. Unali woyera kale, tsopano wafiirira, m'mphepete mwake mwada ndi thukuta la zaka zambiri.

Ndinakhala pansi nawo m'manja. Mawu a Loweruka lija anabwerera: chipewa chako chenicheni ndinakusungira.

Kodi inu Achemwali, apongozi anga Che Hafiz munawaonapo mutu? Ine ndinawaona katatu kokha. Koyamba ndi tsiku limene anandikana, atakhala pampando, mzuli uli kumutu. Kachiwiri ndi pamsika wa Namwera, anandidutsa ngati sandidziwa, mzuli uli kumutu. Kachitatu anali atakulungidwa m'nsalu yoyera. Nanga mlamu wanga Che Jaffalie, mchimwene wake wa Asiatu, amene wadya m'nyumba mwanga kosawerengeka? Ndinayesa kukumbuka tsitsi lake, ndinalephera. Ife timavula chipewa polowa m'tchalitchi, iwo amavala polowa mu mzikiti. Mitu yathu amaidziwa, yawo sitiidziwa. Munawerenga mitu ya kwathu kokha, ngati kuti mwana amabadwa kwa bambo yekha.

Sabata yomweyo ndinakwera kabaza mpaka kumsewu waukulu, n'kukwera matola okwera mapiri kupita ku Namwera. Ndinapeza Che Jaffalie m'chigafa akusankha fodya.

"Alamu! Mwabwera osaimba foni, kwagwanji kunyanja?"

"Kulibe chagwa. Ndangokusowani."

"Inu kundisowa? Zaka zonsezi mumabwera kuno pamaliro pokha. Khalani apa, musakhalire fodya wanga."

Tinamwa tiyi, tinakamba za mvula ndi za mitengo ya kuokushoni. Kenako ndinalimba mtima.

"Alamu, ndili ndi pempho lachilendo. Tavulani mzuli wanu."

Anandiyang'ana kapu ili m'mwamba.

"Mwakwera mapiri onsewa kuti mudzaone mutu wanga? Kunyanja zoonera zatha?"

"Chonde."

Anaseka mpaka kutsokomola, navula. Achemwali, kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo kunali mbee, kuposa Gerald, kuposa a Harold amene. Anaweramitsa mutu n'kuusisita ndi chikhatho.

"Onani bwino, koma musachite khungu. Ichi ndi chuma cha kwathu. Ababa anali nalo, ang'ono awo anali nalo, ine linandiyamba ndisanakwatire. Ntchentche ikatera apa imatereka mpaka pamphuno. Tsopano nenani, mukufuna kugula kapena kubwereka?"

Ndinatulutsa mzuli uja m'jumbo. Kuseka kunatha. Anautenga, nautembenuza, nayang'ana ulusi wake.

"Uwu ndi wa ababa. Tinaufunafuna atamwalira. Kani anatenga ndi Asiatu." Kenako anandiyang'ana. "Alamu, mwabweranji?"

Ndikanatha kunama. Ndinamuuza zonse, mawu anu, dzina la a Harold, za chipewa chimene Asiatu anati anasungira Gerald, ndi mmene ndinatsegulira sutikesi. Anavala mzuli wake pang'onopang'ono, ndi manja onse awiri. Sanakweze mawu.

"Mlongo wanga anasiya mzikiti chifukwa cha inu. Ababa anapita osamulankhula bwino chifukwa cha inu. Wagona m'manda a kwanu, ife tinalolera. Lero mwabwera kudzafuna umboni wake pamutu panga." Kenako anandifunsa funso limene likundipwetekabe mpaka lero. "Ndikanavula n'kupezeka ndili ndi tsitsi, mukanatsika mapiriwa mukunena kuti chiyani za iye?"

Ndinangoyang'ana fodya.

Anatipeza tili duu choncho ndi mwana wake wamkazi, Naima, amene ndi namwino. Anabwera kudzadya masana. Bambo ake anamuuza mwachidule, mokwiya, n'kuti, "Tawauza amalume akowa za kusukulu, poti za ulemu sazimva."

Ndilemba zimene ananena mmene ndinazimvera, inu ndi amene munafika Fomu 4, mukhoza kukafunsa madokotala a ku Lilongweko. Anati dazi la amuna ndi lotengera ndithu, koma silichokera ku kanthu kamodzi. Ndi tinthu tambirimbiri tating'ono ta m'thupi timene mwana amalandira, tina kwa bambo, tina kwa mayi. Pa tonseto pali kamodzi kamphamvu kamene mwana wamwamuna amalandira kwa mayi ake okha, bambo alibe nako gawo. Mayiyo akhoza kukasunga m'thupi moyo wake wonse iye tsitsi lili bwinobwino, n'kukapereka kwa mwana wake wamwamuna. N'chifukwa chake bambo wa tsitsi ngati ine akhoza kubereka mwana wadazi, ndipo bambo wadazi akhoza kubereka mwana amene adzakalambe ndi tsitsi lake. Anatinso lumo la pamaliro silinathetse tsitsi la Gerald monga ena akunenera, kapena chisoti chimene amavala. Lumo linangoulula zimene zinayamba kale.

Ndinayamba kupuma bwino, koma mtsikanayo sanandisiye.

"Koma amalume, musatenge mutu wa ababa ngati chikalata cha kukhoti. Mutu wa ababa si umboni, ndipo mutu wa a Harold si umboni. Amuna adazi ndi ambiri m'dziko muno."

"Auze!" anatero Che Jaffalie. "Ngati mwana aliyense wadazi ndi wa Harold, ndiye kuti Harold uja anayenda Malawi yense mpaka ku Mozambique, kwaya ankaphunzitsa nthawi yanji?"

Ndinafunsa za mdzukulu, poti Tiyanjana, mkazi wa Gerald, ndi woyembekezera, mwina simunamve popeza sakukuimbirani. Ndinati akadzakhala mwamuna, tingadziwe bwanji ngati adzakhale ndi dazi? Naima anati munthu akafuna kudziyesa ayang'ane bambo ake, agogo ake aamuna a mbali zonse ziwiri, ndi alongo a mayi ake. Adazi akachuluka, makamaka amene linawayamba ali anyamata, mpata wake ndi waukulu, ndipo limayambira m'mbali mwa chipumi kapena paliwombo. Koma palibe angalonjeze. Ana awiri a mimba imodzi, wina limamugwira, wina limamudumpha. Anati mankhwala ochedwetsa alipo, koma ukasiya kugwiritsa ntchito tsitsi limapitiriza ulendo wake, ndipo dazi si matenda oti munthu asowe nalo tulo.

Che Jaffalie sanandiperekeze kumsewu. Anangondibwezera mzuli uja n'kuti, "Mwini wake anauza kale wopatsidwa. Kaperekeni. Ndipo mukafike kaye kwa mwanayo musanafike kwanu."

Ndinagona paboma kwa mnzanga, m'mawa ndinabwerera kunyumba kukatenga chinthu chimodzi, kenako ndinakwera minibasi ya ku Monkey Bay. Ndinamupeza Gerald pagombe, injini ili pa thebulo, manja ali bii ndi oilo. Anzake ogwira nawo ntchito amamutchula Sola, akuti mutu wake ungathe kutchaja foni. Atandiona sanaseke. Anapukuta dzanja limodzi, napinda malaya, nanditambasulira mkono.

"Mwabwera kudzatenga magazi? Tengani pompano, musavutike ndi ulendo wa ku Blantyre."

"Ndabwera kudzametedwa," ndinatero. Ndinatulutsa sizasi ya mayi ake. "Chimetereni pamaliro palibe wandigwira kumutu. Taona mmene ndikuonekera."

Anayang'ana sizasiyo, nayang'ana tsitsi langa, limene linali ngati chisa cha nankabai. Tinapita kunyumba kwake. Anandikhazika pa kireti, Tiyanjana anabweretsa chitenje. Asanayambe ndinamuuza zonse, chifukwa sindinafune kuti adzazimve kwa amalume ake.

"Munakayika masabata angati?" anafunsa ali kumbuyo kwanga.

"Asanu ndi awiri."

"Amayi akanakhala moyo mukanawafunsa?"

"Ayi. Ndikanachita manyazi."

"Ndiye munadikira kuti afe."

Sizasi inali m'manja mwake, khosi langa lili poyera. Sindinadziteteze, chifukwa ananena zoona. Patapita nthawi ndinamva sizasi ikuyamba kulira pafupi ndi khutu. Anameta moipa, Achemwali, mbali ina kutsika, mbali ina kukwera, moti Tiyanjana anathawira kukhitchini kukasekera komweko. Ali pakati anadandaula kuti, "Tsitsi lanuli n'lolimba bwanji, sizasi ikukana." Sanadziwe kuti akubwereza mawu a mayi ake. Ine ndinangoweramitsa mutu kuti asandione kumaso.

Atamaliza ndinamupatsa jumbo ija. "Ichi ndi chipewa chimene amayi ako anati anakusungira. Ndi cha agogo ako a ku Namwera." Anavula chisoti chake, nayesa mzuliwo. Unamukwana ngati anachita kumuyeza. Anauvula, naupinda bwino, n'kuti, "Uwu ndiusunga. Koma tsiku la chiliza ndidzayenda mutu uli poyera, azakhali adzauone bwinobwino."

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Amabwera kamodzi pamwezi kudzandimeta, amalankhula zochepa, ndipo akamanditchula kuti ababa ndimamva kuti mawuwo akuwanyamula ngati thabwa lolemera. Bala limeneli munaliyamba ndinu, koma amene analikulitsa ndine. Ndidzalipoletsa ndekha, ngakhale zitatenga zaka zonse zimene zanditsalira.

Tsopano yankho langa pa zimene munalamula.

Magazi sitikayezetsa. Musayese kuti ndikuopa zotsatira. Ndinayeza kale mkazi wanga kamodzi, m'sutikesi mwake ndi pamutu pa mchimwene wake, ndipo amene anapezeka wolakwa ndine. Sindimuyezanso kachiwiri kuti inu mukhutire. Mnyamata uja ndinamunyamula pa njinga kupita naye kusikelo, ndinamuphunzitsa kugwira pulena asanadziwe kulemba dzina lake. Ngakhale a ku Namwera onse akanakhala ndi tsitsi lofika m'mapewa, yankho limene ndinayenera kupereka pafoni tsiku lija ndi lomweli: ndi mwana wanga.

Zida za bambo athu, pulena, kasemasema ndi macheka awiri aja, ndamupatsa kale. Bambo anandisiyira ine chifukwa ndine ndinkagwira nawo ntchito, ndipo ine ndasiyira amene ndinkagwira naye. Patrick akafuna kuphunzira kukhoma boti abwere, shedi ndi yotsegula, msuweni wake amuphunzitsa.

Ndinenenso ichi, mundikhululukire. Pa ukwati wanu ndinaona achimwene a alamu, a ku Ntcheu aja, zipumi zawo zinafika pakati pa mutu. Tsiku lina Patrick akadzaweramira pansi inu n'kuona khungu paliwombo pake, musadzadandaule. Ine sindidzatumiza uthenga pagulu la banja.

Chiliza tidzavundukula Loweruka pa 14 Seputembala. Ndalembetsa mayina onse awiri, Asiatu Gloria, ndipo pansi pake, mkazi wa Edmund, mayi wa Gerald. Abusa avomera. A ku Namwera akubwera, Che Jaffalie wanena kuti akubwerera mlongo wake, osati ine, ndipo ndalandira. Inu mpando wanu udzakhalapo kutsogolo. Mukabwera, mudzapereke moni kwa Gerald ndi dzina lake, anthu akumva. Mukaona kuti simungathe, khalani ku Lilongwe komweko, mwambo udzachitika.

Katundu wa Asiatu ndagawa mwezi wathawu. Zitenje ndi nsapato ndinapita nazo ndekha ku Namwera kwa ang'ono ake, monga zinayenera kukhalira kalekale. Yunifomu ndinapereka kwa amayi a kutchalitchi kuti apatse amene alibe. Thandala ndi mabeseni a usipa ndasiyira mnzake amene ankayanika naye. Sutikesi yopanda kanthu yapita kwa Tiyanjana, akuikamo tizovala ta mwana. Buku la nyimbo lili kumutu kwa bedi langa, ndabwezera masamba awiri amene ndinathothola tsiku lija ndikukutumula. Sizasi ili pa msomali m'shedi, imadikira Gerald.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chabwera ndi kalatayi. A Simioni, adalaivala a galimoto ya nsomba amene akupatsirani, ndawapempha kuti asachiike pafupi ndi katundu wawo, koma chikamanunkha usipa mupepese. Ndi chitenje chatsopano, cha maluwa obiriwira amene mumawakonda, sichinachapidwepo. Ndinachipeza m'sutikesi muja tsiku lomwe ndinkafuna kalata ya a Harold. Kapepala kamene kabayidwapo ndi pini sindinakachotse, dzanja lake mulizindikira. Kakuti, "A Enid, pa Khirisimasi." Anagula mu Ogasiti, ankakonzekeratu zinthu msanga monga mukudziwa. Khirisimasi yake ndi yomwe ija munakhala pakhonde pake n'kuyang'ana mutu wa mwana wake.

Ndinaganiza zochipereka kwa wina. Koma si changa, ndipo ndalakwira kale mwini wake kokwanira. Muvale kapena musavale.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa Patrick. Tiyanjana akuti mumupempherere, masiku ake ndi a mu Okutobala. Naima akupereka moni ngakhale simumudziwa. Gerald sanandipatse moni woti ndikupatsireni, ndipo sindimupekera.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Edmund,
bambo a Gerald.